Kalata yotseguka kwa a Nduna oona zaulimi: tipatseni zida zopimira zimene zikuchitika pa mizu ya mbewu zathu

Olemekezeka a Nduna,

Amene tikulemba kalata ino ndife ogwira ntchito m'malabotale a nthaka ndi mbewu, aphunzitsi a sayansi ya zaulimi, komanso alangizi angapo amene timakumana ndi alimi m'minda mwawo. Kulankhula ndi akuluakulu kudzera m'nyuzipepala si khalidwe lathu. Tinayamba tadzera njira yake. Makalata tinalemba, mndandanda wa zosowa tinapereka pa nthawi yokonza bajeti, pa misonkhano ya kafukufuku tinaimirira n'kunena. Mayankho amene takhala tikulandira ndi awiri okha: "tamva, tiziona" ndi "chaka chino ndalama zavuta." Mwina madandaulo athu amathera m'njira asanafike pa tebulo panu. N'chifukwa chake lero tikunenera poyera, kuti inu mumve, nawonso alimi amene misonkho yawo imatilipira amve.

Nkhani yathu ndi imodzi. Chaka ndi chaka dziko lino limatulutsa ndalama zankhaninkhani kugulira mbewu chakudya cha m'matumba. Koma ife amene munatipatsa ntchito yofufuza nthaka tilibe zida zokwanira zopimira zimene mizu ndi tizilombo ta m'nthaka zimachitirana, pomwe chonde chimapangikira kapena kutayikira pamenepo.

Zimene zimachitika pa muzu

Tiloleni tifotokoze pang'ono, kuti pempho lathu lisaoneke ngati la anthu ongofuna makina onyezimira.

Muzu sumangoyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Nawo umatulutsa timadzi take. Gawo lina la chakudya chimene masamba amapanga padzuwa limatsikira pansi n'kutulukira m'mizu ngati shuga, asidi ndi mankhwala ena amitundumitundu. Timadzi timeneti timadyetsa tizilombo tosaoneka ndi maso, timaitana tina, timaingitsa tina, ndipo timasungunula mchere umene unamangika m'dothi.

Tione soya. Muzu wake umatulutsa mankhwala awiri, genistein ndi daidzein. Mabakiteriya a mtundu wa Bradyrhizobium akawamva, amayankha potulutsa mankhwala awoawo. Yankholo likafika, kaubweya ka pa muzu kamapindika n'kuwatsekera mkati, ndipo pamalopo pamatupa kambulu. M'kambulu mmenemo mabakiteriya amatenga nayitirojeni wa mumpweya, yemwe ndi magawo 78 pa 100 a mpweya umene timapuma, n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Zulani soya wotsala pang'ono kuchita maluwa, mutsuke mizu, mudule kambulu kamodzi ndi lezala. Mkati mukakhala mofiirira, ntchito ikugwirika. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chimene mlimi akupindula.

Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriya a m'timibuluti mu 1888. Komabe panapita zaka pafupifupi 100 anthu asanadziwe mmene mbali ziwirizi zimaitanirana. Mu 1986 gulu la Sharon Long ku Stanford linazindikira mankhwala amene muzu umaitanira, ndipo mu 1990 akatswiri a ku Toulouse, ku France, anazindikira amene bakiteriya amayankhira. Zaka zonsezo anthu anzeru analipo. Chimene ankadikira ndi zida zotha kupima kanthu kochepetsetsa m'dontho la madzi. Nafenso tikudikira zomwezo. Madandaulo athu ndi awa.

Dandaulo loyamba: kaufiti tikulimbana naye mongopapasa

Mlimi aliyense wa chimanga amamudziwa kaufiti, wa maluwa ofiira uja, pamodzi ndi mnzake wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Njere za kaufiti n'zazing'ono kwambiri, chomera chimodzi chimabala zikwi makumi angapo, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Sizimera ndi mvula yokha. Zimadikira mpaka zitamva mankhwala otuluka pa muzu wa mbewu. Mu 1966 akatswiri a ku America anapeza oyamba mwa mankhwalawa m'timadzi ta mizu ya thonje, nawatcha strigol.

Funso linatsala lakuti mbewu imatulutsiranji chinthu chodzutsa mdani wake. Yankho linabwera mu 2005, pamene Kohki Akiyama ndi anzake ku Japan anaonetsa kuti mankhwala a mtundu womwewu ndi amene mbewu imaitanira mafangasi abwino otchedwa mycorrhiza. Mafangasiwa amalowa m'muzu, n'kutambasula timaulusi tawo m'dothi kukatapa fosifolasi kumene muzu sungafike. Nthaka ikasowa fosifolasi, mbewu imatulutsa mankhwala ochuluka poitana thandizo, ndiye kaufiti naye amamvera pomwepo. Makolo athu anaona kale kuti kaufiti amakonda munda woguga. Chifukwa chake n'chimenechi.

Mitundu ya mbewu imasiyana pa katulutsidwe ka mankhwalawa. Gebisa Ejeta, mbadwa ya ku Ethiopia amene amagwira ntchito ku Purdue University, anatha zaka zambiri akusankha mapira amene sadzutsa kaufiti kwambiri. Analandira World Food Prize mu 2009, ndipo mu 2017 gulu lake linapeza jini imene imachititsa kuti mapira otchedwa SRN39 azitulutsa mankhwala amene kaufiti sawamva bwino. Ku Kenya, akatswiri a bungwe la icipe anapeza kuti timadzi ta mizu ya chomera chotchedwa desmodium timalepheretsa kaufiti kumata pa chimanga.

Nanga chimanga chathu cha makolo, mitundu yathu ya haibulidi, mapira a ku Chigwa cha Shire, n'ziti zimene zimadzutsa kaufiti pang'ono? Kuti munthu adziwe dzina ndi kuchuluka kwa mankhwalawa pamafunika makina a LC-MS/MS, amene amalekanitsa zosakanikirana za m'madzi kenako n'kuyeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse. Koma palinso kapimidwe kosalira zambiri. Njere za kaufiti timaziwaza pa timapepala tozungulira, timazisunga zonyowa pamalo ofunda pafupifupi madigiri 30 kwa masabata awiri, kenako timadonthezera timadzi ta muzu n'kuwerenga pa maikulosikopu zimene zamera. Kapimidwe kameneka kamafuna kabati yosunga kutentha kosasintha, timapepalato, ndi mankhwala oyerekezera otchedwa GR24. Ngakhale zimenezi zimatisowa.

Zotsatira zake n'zakuti mlangizi amangobwereza mawu akale, akuti zulani kaufiti asanachite maluwa. Ndi malangizo abwino poteteza munda wa chaka chamawa. Koma pamene kaufiti akutulukira pamwamba amakhala atayamwa kale chimanga kunsi. Mayi amene wagwada m'munda kuzula kaufiti m'mwezi wa February, nkhokwe yake ya chaka chimenecho imakhala itachepa kale.

Dandaulo lachiwiri: inokulanti akugulitsidwa, koma womupima akusowa

Tikulimbikitsa alimi a soya ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza ndi ku Lilongwe kuti azipaka mbewu zawo inokulanti asanabzale. Uphungu umenewu ndi woona. Koma m'paketi ya inokulanti muli zamoyo, mabakiteriya a m'timibulu aja. Paketiyo ikakhala pa shelefu ya golosale ya malata m'mwezi wa October, kapena ikayenda tsiku lonse padzuwa kumbuyo kwa lole, mabakiteriya amafa, pomwe paketi ikuonekabe yatsopano. Inokulanti wabwino amakhala ndi mabakiteriya amoyo mamiliyoni mazanamazana pa galamu imodzi, ndipo diso la munthu silingasiyanitse wamoyo ndi wakufa.

Kupima kwake n'kodziwika. Timasungunula pang'ono m'madzi, timapaka pa chakudya cha mabakiteriya m'timbale tagalasi, n'kudikira pafupifupi sabata kuti tiwerenge timagulu tomera. Kenako timabzala soya mu mchenga wophikidwa bwino, m'mabotolo otchedwa Leonard jar, kuti tione ngati timibulu tituluke. Pamafunika poto wamphamvu wophera tizilombo pa zipangizo, amene timamutcha autoclave, kabati ya mpweya wosefedwa yogwiriramo ntchito, ndi magetsi osathimathima. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa nayitirojeni amene soya watenga mumpweya, timadula tsinde n'kupima timadzi take pa makina oyeza mtundu wa madzi, chifukwa soya amanyamula nayitirojeni wochokera m'timibulu m'mankhwala apadera otchedwa ureide. Zonsezi ndi zida za labotale wamba.

Paketi yakufa ikafika m'mudzi, mlimi sanena kuti ndinagula yowonongeka. Amati, "Zija munkanena zija n'zabodza." Anzake a m'kalabu amamva, ndipo chaka chotsatira mlangizi amalankhula kwa anthu amene asiya kumukhulupirira. Paketi imodzi yakufa imapha uthenga m'mudzi wonse.

Pulojekiti ya N2Africa, imene inagwira ntchito m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi kuyambira 2009 mpaka 2019, inaonetsa kuti inokulanti pamodzi ndi fosifolasi amakweza zokolola za soya, koma phindu lake limasiyana kwambiri munda ndi munda. Pulojekitiyo inatha. Funso lakuti n'chifukwa chiyani munda wina umavomera pomwe wina ukukana linatsalira ife. Chimodzimodzi soya wa Tikolore, amene amapanga timibulu ndi mabakiteriya a m'nthaka yathu yomweyi: mwa mabakiteriya amenewo muli aulesi ndi akhama, ndipo akhamawo tikanawapatula n'kuwachulukitsa tokha.

Dandaulo lachitatu: tikutumiza masampulo kunja n'kumadikira

Kawirikawiri timauzidwa kuti palibe chifukwa chogulira makina, tingotumiza masampulo kwa anzathu akunja. Anzathuwo amatithandiza ndi mtima wonse ndipo timawathokoza. Koma timadzi ta mizu sitichedwa kuwonongeka. Mankhwala odzutsa kaufiti amasweka akakhalitsa m'madzi, ndipo shuga ndi asidi zimadyedwa ndi tizilombo tili m'botolo momwemo. Sampulo imayenera kuumitsidwa nthawi yomweyo mu furiji yozizira madigiri 80 kutsika pa ziro, kapena kuchotsedwa madzi ili youndana. Ikasungunuka pa bwalo la ndege podikira zikalata, zotsatira zimene zidzabwere sizikhala za muzu uja ayi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Palinso ndalama ndi nthawi. Kupimitsa kunja timalipira m'madola kapena m'mayuro. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wophunzira amene anapatsidwa thandizo m'makwacha anangodzuka masampulo amene angapimitse atachepa. Kunjako makina amakhala ndi mzere, ndipo eni ake amayamba ndi mafunso awo. Ife mvula yathu imagwa kamodzi pa chaka. Zotsatira zikachedwa miyezi itatu, kuyesanso kumadikira dzinja lina.

Chinanso chotidetsa nkhawa ndi umwini. Malawi ali m'gulu la maiko amene anavomereza pangano la Nagoya la 2010, lonena kuti dziko lipindule ndi zamoyo zotengedwa m'nthaka yake. Koma munthu sangateteze chuma chimene sanachiwerenge. Popanda nkhokwe yosungiramo mabakiteriya ndi mafangasi athu, yokhala ndi kaundula wolongosoka, tsiku lina tidzagula m'paketi yochokera kunja tizilombo timene tinatengedwa m'munda wa kwathu konkuno.

Dandaulo lachinayi: makina amagulidwa opanda chowasamalira

Apa tinene zoona zokhazokha, ngakhale zikutikhudza ife tomwe. M'malabotale ena momwe timagwira ntchito muli makina abwino amene anabwera ndi mapulojekiti. Tsiku lowalandira kunali zithunzi ndi malankhulidwe. Lero avundikiridwa ndi nsalu. Ambiri mwa iwo sanawonongeke kwenikweni. Akusowa kanthu kamodzi: nyali yamkati inapsa, kapaipi kolekanitsira mankhwala kanatha, silinda ya mpweya inauma, kapena kompyuta yake inafa ndipo pulogalamu yake ikufuna laisensi yatsopano.

Walira mvula walira matope. Makina a LC-MS/MS amamwa methanol ndi acetonitrile woyera kwambiri, amafuna nayitirojeni wosalekeza, ndipo mapampu ake ochotsa mpweya amayenera kuzungulira usana ndi usiku. Magetsi akathima mwadzidzidzi, pampu imatha kuwonongeka, ndipo ngakhale ipulumuke, pamatenga tsiku lathunthu kapena kuposa kuti makina akhazikikenso. Makina a GC-MS, opimira mankhwala ouluka, amafuna mpweya wa helium. Chipinda chimayenera kukhala chozizira ndi chopanda fumbi. Wokonza wake amachokera ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo sakwera ndege asanalipidwe m'ndalama zakunja.

Ndondomeko zogulira katundu nazo sizinapangidwe poganizira labotale. Botolo la mankhwala lokhala ndi tsiku lothera mphamvu limayenda njira yofanana ndi mipando ya mu ofesi, ndipo nthawi zina limafika litatsala pang'ono kutha ntchito. Ogula katundu amasankha wogulitsa wotchipitsa, ngakhale mankhwala akewo asali oyera mokwanira kulowa m'makina.

Tisaiwale munthu. Wopita kukaphunzira kunja amakhala wa digiri yapamwamba, amene akabwerako amakwezedwa n'kukakhala mu ofesi. Tekinishani amene amayatsa makina m'mawa uliwonse, amene amamva ndi khutu kuti pampu yayamba kulira mwachilendo, amakhala pa giredi imodzi mpaka kupuma pa ntchito. Akatopa n'kuchoka, luso lonse limapita naye.

Dandaulo lachisanu: zida zotsika mtengo sizikuganiziridwa

Sikuti chilichonse chimene tikupempha n'chodula. Pali bokosi lopyapyala lokhala ndi galasi mbali imodzi, limene kalipentala wa pa msika angakhome. Timadzazamo dothi, timabzala njere, n'kulipendeketsa kuti mizu itsate galasi. Tikachotsa galasilo n'kuyala pa mizu phala loundana losakaniza ndi utoto wa bromocresol purple, pakapita maola ochepa mumaona mzere wachikasu ukutsata muzu pakati pa utoto wofiirira. Pachikasupo ndi pamene muzu ukutulutsa asidi. Wophunzira akaona zimenezi ndi maso ake safunanso kuloweza pamtima.

Kuyambira 1998 akatswiri amadziwa kuti mafangasi a mycorrhiza amaoneka bwino pa maikulosikopu muzu ukaphikidwa mu inki wosakaniza ndi viniga. Ku Lawrence Berkeley National Laboratory, ku California, anapanga kachipangizo kotchedwa EcoFAB, kachipinda kakang'ono ka mphira woonekera komatidwa pa galasi. Mbewu imamera mmenemo mopanda tizilombo tina, wofufuza amaikamo bakiteriya amene wasankha, amaona mizu pa maikulosikopu, n'kumatapa timadzi take mosadula muzu. Kapangidwe kake anakafalitsa poyera mu 2018, ndipo chikombole chake chimasindikizidwa pa 3D printer. Kulinso makina owerengera DNA otchedwa MinION, okwana m'dzanja, olumikiza ku laputopu, amene angatiuze mitundu ya tizilombo imene ili pa muzu.

Zinthu zimenezi sizilowa m'bajeti chifukwa n'zazing'ono, zilibe mwambo wodula riboni. Koma ndi zimene zimaphunzitsa anthu. Pakadali pano achinyamata ena akumaliza maphunziro a zaulimi atangojambula kambulu ka muzu m'kope, osakadulapo. Amenewa ndiwo alangizi a mawa.

Dandaulo lachisanu ndi chimodzi: ndalama zapendekera mbali imodzi

Olemekezeka a Nduna, feteleza sitikudana naye. Nthaka yathu yatopa ndipo ikufunika kudyetsedwa. Kuyambira 2005, pamene ndondomeko ya makuponi inayamba, mpaka ndondomeko ya AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita ku matumba a NPK ndi Urea. Koma n'zodziwika kuti kawirikawiri mbewu imatenga nayitirojeni wosafika theka la amene wathiridwa. Wina amauluka, wina amatsukika ndi mvula. Fosifolasi naye akagwa m'dothi lofiira amamangidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, mbewu n'kumavutika ndi njala chakudya chili pomwepo. Chimene chimatsegula kapena kutseka chakudya chimenechi ndi muzu ndi tizilombo take.

Mu 1990 Noriharu Ae ndi anzake, akugwira ntchito ku ICRISAT ku India, anapeza kuti mizu ya nandolo imatulutsa asidi wotchedwa piscidic, amene amamasula fosifolasi womangidwa ndi ayironi m'dothi lofiira. Alimi a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba akhala akusakaniza nandolo ndi chimanga kuyambira kale. Ku Ekwendeni alimi amabzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi n'kudzabzalamo chimanga chaka chotsatira. Pakati pa Mthawajuni, Mwaiwathualimi ndi mitundu ina ya nandolo, umene umamasula fosifolasi wochuluka pa katondo wathu ndi uti? Limeneli ndi funso la ndalama, chifukwa yankho lake likhoza kuchepetsa feteleza amene banja likufunika kugula. Labotale ya ku Ulaya siidzalifunsa m'malo mwathu.

Dziko la Brazil limalima soya wochuluka kuposa dziko lina lililonse, koma pafupifupi osathira feteleza wa nayitirojeni. Linafika pamenepo chifukwa boma linasunga malabotale ake kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya Johanna Döbereiner mpaka ya Mariangela Hungria wa ku bungwe la Embrapa, amene analandira World Food Prize mu 2025 chifukwa cha ntchito yake pa tizilombo ta m'nthaka. Iwo anasankha mabakiteriya oyenera dothi lawo, ndipo anaika malamulo opimira inokulanti asanagulitsidwe. Mu May 2024 atsogoleri a mu Africa anakumana ku Nairobi n'kugwirizana kuti nkhani ya feteleza iziyendera limodzi ndi ya thanzi la nthaka. Thanzi limenelo silingadziwike popanda chopimira.

Amene akulipira ndi ndani

Ife malipiro athu timalandira, makina agwire ntchito kapena asagwire. Amene akulipira kusowa kwa zidazi ndi banja la ekala imodzi limene lagulitsa mbuzi kuti ligule thumba la feteleza, n'kukathira m'munda umene kaufiti wadzaza. Ndi mlimi wa soya amene wapaka inokulanti wakufa n'kukolola zochepa kuposa za mnzake amene sanapake kanthu koma ali ndi dothi labwino. Ndi mlangizi amene amapereka uphungu umodzi kwa alimi a dothi la mchenga ndi a dothi la makande, poti alibe china chonena. Ndi dziko lonse, limene limasaka madola ogulira feteleza pomwe madola omwewo akufunikanso pa mafuta ndi mankhwala a m'zipatala.

Zopempha zathu

1. Pakhale labotale imodzi ya dziko lonse yopimira timadzi ta mizu, yokhala ndi makina a LC-MS/MS ndi GC-MS. Ikhale pamalo amodzi, kaya ku Chitedze kaya ku Bunda, koma khomo lake likhale lotsegukira ofufuza a ku Bvumbwe, Lunyangwa, Makoka, MUST, Mzuni ndi UNIMA, motsata ndandanda ndi mitengo yolembedwa poyera. Makina amodzi ogwira ntchito aposa asanu ovundikiridwa.

2. Makina alionse, ogula kapena opatsidwa, asalandiridwe popanda pangano la zaka zosachepera zisanu la kukonza, zipangizo zosinthira ndi mankhwala ake, ndipo ndalama zake zilembedwe m'bajeti tsiku lomwelo.

3. Musanagule chatsopano, tumizani anthu akalembe makina onse amene ali m'malabotale a boma ndi a m'mayunivesite: ogwira ntchito, ofa, ndi chimene chikusowa kuti adzuke. Kaundulayo atulutsidwe poyera.

4. Malabotale a nthaka apatsidwe magetsi a sola ndi mabatire okwanira kusunga mafuriji, makabati ofunditsira ndi mapampu usana ndi usiku.

5. Malo ofufuzira a m'chigawo chilichonse akhale ndi zida zoyambira: autoclave, kabati ya mpweya wosefedwa, kabati yofunditsira, maikulosikopu, makina oyeza mtundu wa madzi ndi furiji yozizira kwambiri. Mabokosi oonera mizu ndi zipangizo zonga EcoFAB zipangidwe konkuno ndi amisiri athu komanso ophunzira.

6. Inokulanti aliyense, wopangidwa kuno kapena wochokera kunja, azipimidwa asanalowe pa msika, ndipo ena azitengedwa m'mashopu mwadzidzidzi kukapimidwanso. Zotsatira zake alangizi ndi alimi azizidziwa nyengo yobzala isanafike.

7. Pakhazikitsidwe nkhokwe ya dziko yosungiramo mabakiteriya ndi mafangasi a m'nthaka yathu, ndipo aliyense wotulutsa sampulo kunja azisiyamo gawo lake.

8. Mankhwala ndi zipangizo za labotale zikhale ndi njira yakeyake yogulira mwachangu, zichotseredwe msonkho, ndipo ziganiziridwe pogawa ndalama zakunja.

9. Matekinishani aziphunzitsidwa ndi kampani yogulitsa makina, osachepera awiri pa makina alionse, ndipo akhale ndi makwerero a pa ntchito owalola kukwera osachoka mu labotale.

10. Pa ndalama zogulira feteleza wotsika mtengo, kagawo kakang'ono kokhazikika kazipatulidwa chaka chilichonse kupita ku kafukufuku wa mizu ndi tizilombo ta m'nthaka, kuti ntchitoyi isamadalire mapulojekiti a zaka zitatu.

Nafenso tikudzimanga. Mukatipatsa zidazi, mutifunse zotsatira. Tipime mitundu ya chimanga ndi mapira imene ili m'manja mwa alimi n'kunena imene sidzutsa kaufiti kwambiri. Tipatule mabakiteriya akhama a soya, nyemba, mtedza ndi khobwe. Tiyerekeze mitundu ya nandolo pa dothi lofiira. Zimene tapeza tizilembe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti mlangizi azitha kuzinyamula popita kumunda. Tikalephera, mudzatidzudzule poyera monga mmene ife talankhulira poyera.

Tikupempha kuti mutipatse mpata wokumana nanu bajeti yotsatira isanapite ku Nyumba ya Malamulo, ndiponso kuti pa mfundo khumizi mutiyankhe iliyonse payokha: imene mwavomera, imene mwakana, ndi chifukwa chake. Pempho lachitatu lija silifuna ndalama zambiri, likhoza kuyamba mwezi uno.

Ndife anu mwaulemu,

Ogwira ntchito m'malabotale a nthaka ndi mbewu, aphunzitsi a sayansi ya zaulimi, ndi alangizi.